A Jali Makawa ndi mbalame za ku mapiri a Nyika

Seputembala akafika, ife a mu Kanyama, Chawama ndi George timadziwa fumbi, kutentha ndi mzere wa zigubu pa mpopi. Koma m'mabuku a makampani otenga alendo, nyengo yomweyi ili ndi dzina lokoma. Amaitcha spring ya kum'mwera kwa Africa, ndipo kuyambira Seputembala mpaka Disembala ndeke zimatsitsa pa bwalo la Kenneth Kaunda anthu a zipewa zazikulu, magalasi oonera patali ali pakhosi. Sanabwerere mikango, sanabwerere Mosi-oa-Tunya. Abwerera mbalame.

Chinyanja chilibe liwu la spring. Kwa ife ndi malimwe chabe. Koma kuthengo nyengoyi imaoneka: miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, mbalame zimayamba kuimba ndi kumanga zisa, ndipo zina zimafika kuchokera kutali. Mbalame yoimba siivuta kupeza, ndipo misewu imakhala isanasanduke matope. Ndiye chifukwa chake alendo amasankha miyezi iyi. Ena amapita ku Choma, ena ku Bangweulu, ena ku Mwinilunga. Amene afuna mbalame za kumapiri, malo awo ndi Nyika.

Nyika ndi chitunda chachikulu cha pamalire a Zambia ndi Malawi, kumpoto kwa Rumphi. Malo ambiri pamwamba pake ndi okwera mamita oposa 2,000, ndipo nsonga ya Nganda ipitirira mamita 2,600. Gawo lalikulu lili ku Malawi. Lathu ndi kachidutswa ka masikweya kilomita 80, kosafika ngakhale theka la mzinda wa Lusaka. Choseketsa n'chakuti ukafuna kufika ndi motoka mu paki ya Zambia imeneyi, msewu wake udzera ku Malawi, ndiye kuti Mzambia afunika pasipoti kuti akaone paki ya dziko lake. Pamwambapo pali udzu wafupi pa zitunda zosatha, kuzizira koti m'Juni madzi amaundana usiku, ndi timinkhalango tobiriwira chaka chonse tobisala m'zigwa. Nkhalango ziwiri zotchuka kwa oona mbalame, Chowo ndi Manyenjere, zili mbali ya Zambia.

Mitundu ya mbalame yolembedwa pa Nyika ipitirira 400. M'nkhalango muli bar-tailed trogon, Sharpe's akalat ndi olive-flanked robin-chat, zimene simungazipeze mu Lusaka ngakhale mutafuna chaka chonse. Pa udzu pali Denham's bustard ndi wattled crane. Koma imene imapanga nyengoyi kukhala nyengo ndi namzeze wa buluu, blue swallow. Amafika cha mu Seputembala kuchokera kufupi ndi nyanja ya Victoria, ku Uganda ndi ku Kenya, n'kumanga chisa pansi pa nthaka, m'maenje okumbidwa ndi nyama kapena m'mphepete mwa timitsinje. Cha mu Epulo abwerera kumpoto. Ku South Africa atsala ochepa kwambiri chifukwa udzu wa kumapiri unasanduka minda ya paini. Nyika ndi amodzi mwa malo aakulu amene namzezeyu akali kuswana.

Mwaona kuti maina onsewa ndi a Chingerezi, ndipo ena ndi maina a anthu. Mbiri ya maulendowa iyambira pamenepo.

Alendo oyamba ofuna mbalame ku mapiri awa sananyamule magalasi. Ananyamula mfuti. Alexander Whyte, wa ku Scotland, anali wosonkhanitsa zomera ndi nyama pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda ku Zomba. Anakwera Mulanje mu 1891 ndi Nyika mu 1896. Nchito inali kuombera mbalame ndi tizipolopolo tating'ono, kuisenda, kuika thonje mkati mwa chikopa, kumangirira kapepala ka malo ndi tsiku ku mwendo, n'kutumiza ku London. Kumeneko akatswiri amayerekeza chikopacho ndi zina za m'madirowa, ndipo akaona kuti n'chachilendo amachipatsa dzina. Motero tili ndi Whyte's barbet, tili ndi Sharpe's greenbul ya Alfred Sharpe amene analowa m'malo mwa Johnston, ndipo ngakhale mbidzi za pa Nyika zimatchedwa za Crawshay.

Ngati muli ndi kobiri ya K1 imene inatuluka mu 2013, yang'anani kambalame kali pamenepo. Ndi mbalame yopezeka mu Zambia mokha, yokonda mitengo ya mikuyu cha ku Choma ndi ku Kafue. Mu 1920 inapatsidwa dzina la Drummond Chaplin, woyang'anira Rhodesia m'nthawi ya kampani ya British South Africa. Masiku ano ambiri amaitcha Zambian barbet, koma m'Chilatini ikali chaplini.

Pa Nyika panali anthu Whyte asanafike. Aphoka, olankhula Chitumbuka cha kumapiri, amalima m'mphepete mwa chitundacho, kufula uchi ndi kusungunula chitsulo, ndipo zotsala za ng'anjo zawo zikalipo. Pa phanga la Fingira pali zojambula za anthu akale kuposa iwo. Mzungu wobwera kwa milungu yochepa sakanapeza njira, madzi kapena chisa popanda anthu amenewa. Ndiwo ananyamula katundu, ndiwo analoza mtengo, ndipo nthawi zambiri ndiwo anasenda mbalame. Pa kapepala ka ku mwendo pamalembedwa dzina la bwana.

Mwa anthu ambiri otere pali mmodzi amene dzina lake linakana kufufutika: a Jali Makawa.

A Makawa anali Mlomwe, anabadwira ku Mozambique cha m'ma 1914, ndipo banja lawo linasamukira ku Nyasaland monga anachitira Alomwe ambiri m'zaka zimenezo. M'zaka za m'ma 1930 analowa nchito pa nyumba ya Constantine Walter Benson, Mngelezi wachinyamata amene anafika ku Nyasaland mu 1932 ngati wa boma. Anayambira kukhitchini, kuthandiza wophika. Benson anali wopenga ndi mbalame, ndipo sanachedwe kuona kuti wanchito wakeyu amamva zimene iye samamva. A Makawa amatha kuima m'nkhalango yothithikana, kumva kulira kamodzi, n'kudziwa kuti iyi sitinaigwirepo. Amatha kuyerekeza kulirako ndi mluzu mpaka mbalame ibwere yokha. Anaphunzira kuombera ndi kukonza zikopa, ndipo anagwira nchito ndi Benson zaka pafupifupi makumi atatu.

Taonani maulendo awo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse Benson anatumizidwa kum'mwera kwa Ethiopia, ndipo a Makawa anapita naye. Mu 1945 Benson anawatuma ku phiri la Njesi, kumpoto kwa Lichinga ku Niassa, iye osapita. A Makawa anabwerako ndi kambalame ka mlomo wautali kamene mbale wake amadziwika ku mapiri a Usambara ku Tanzania kokha, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Benson anakalemba m'magazini ya akatswiri n'kukapatsa dzina lakuti sousae, la Mpwitikizi. Panapita zaka 56 akatswiri asanabwererenso ku phirilo. Mu 2001 Peter Ryan ndi Claire Spottiswoode a ku Cape Town anakwera Njesi ndipo anakapeza kambalameko kali komweko. Kwa zaka zonsezo, zimene sayansi imadziwa za mbalame za phiri limenelo zinachokera mu ulendo umodzi wa a Makawa.

Mu 1952 Benson anasamukira ku Northern Rhodesia, ku dipatimenti ya nyama zakuthengo, ndipo pambuyo pake ku myuziyamu ya ku Livingstone. A Makawa anabwera nawo kuno. Mu 1958 anali limodzi pa ulendo wa ku zilumba za Comoros. Akatswiri ena, monga Melvin Traylor wa ku Chicago ndi Michael Irwin wa ku Bulawayo, nawonso anasewenza nawo. Ndiye mukatsegula mndandanda wa mbalame za Nyasaland wa 1953, wa Northern Rhodesia wa 1957, kapena buku la The Birds of Zambia la 1971 lolembedwa ndi Benson, Brooke, Dowsett ndi Irwin, dziwani kuti pansi pa mizere yambiri pali khutu ndi manja a munthu amene pachikuto palibe.

Tsiku lawo lalikulu linali 6 Seputembala 1964, milungu isanu ndi iwiri Zambia isanalandire ufulu. Ku Mayau, m'nkhalango za mavunda za ku North-Western Province, a Makawa anaombera kambalame kakang'ono ka chifuwa choyera, kosiyana ndi anzake onse a mtundu wa tinkerbird. Mu 1965 Benson ndi Irwin anakalengeza ngati mtundu watsopano, ndipo ulendo uno anakapatsa dzina la mwini wake: Pogoniulus makawai. Pali mbalame zina zingapo zonyamula dzina la a Makawa, koma izo ndi timagulu ta mkati mwa mitundu yodziwika kale. Aka kokha ndiko kanalembedwa ngati mtundu pawokha.

Benson sanali mbala ya nchito ya mnzake monga ena a nthawi yake. Anawatchula a Makawa m'zolemba zake ndi kuwatamanda poyera. Koma kutamanda ndi kwina, malo ndi ena. Benson anapuma nchito mu 1965, napita ku myuziyamu ya yunivesite ya Cambridge, ndipo anamwalira mu 1982 ali katswiri wodziwika dziko lonse. A Makawa anakhalabe collector, liwu limene m'masiku amenewo limatanthauza wanchito wa katswiri. Anamwalira mu 1995. Mbiri yawo inafufuzidwa bwino ndi Nancy Jacobs, wa ku Brown University ku America, m'buku la Birders of Africa la 2016. Ndi la Chingerezi, losindikizidwa ku Yale, ndipo si buku loti mungalipeze pa tebulo la mabuku mu Cairo Road. Kwa ine ichi ndiye chowawa kuposa za maina a Chilatini: mwana wa giredi 7 mu Matero amadziwa David Livingstone, koma munthu wolankhula chilankhulo chathu, amene anayenda nkhalango za dziko lino ndi khutu lotere, sanamumvepo.

Tibwerere ku Nyika, chifukwa phirilo nalonso linasintha m'zaka zomwezo. Mu 1949 boma la Britain linatuma Laurens van der Post kukaona ngati chitundacho chingapindulitse, ndipo anatulutsa buku la Venture to the Interior mu 1952. M'zaka za m'ma 1950 bungwe la Colonial Development Corporation linabzala paini pa Chelinda, pakati pa udzu, ndipo nkhalango yachilendoyo ndiyo alendo amagona pambali pake lero. Malawi inapanga Nyika kukhala paki yake yoyamba mu 1965. Zambia inalengeza mbali yake mu 1972. Mu 1978 boma la a Kamuzu Banda linakulitsa pakiyo kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000, ndipo anthu masauzande a m'midzi ya m'mphepete anasamutsidwa. Anasiya minda, manda a makolo ndi malo ofula uchi. Pambuyo pake magulu a alimi a njuchi analoledwa kupachika ming'oma mkati mwa paki, koma midzi sinabwerere. Bata limene mlendo amalipirira madola, kuti aime pa chitunda osamva tambala kapena mtondo, linapangidwa ndi kusamutsa kumeneko. Popanda paki mwina namzeze wa buluu akanachepa ngati ku South Africa. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo kabuku ka alendo kamakamba imodzi chabe.

Mfuti inayamba kusiyidwa pang'onopang'ono. Mu 1969 kunakhazikitsidwa Zambian Ornithological Society, imene lero ndi BirdWatch Zambia. Kuyambira 1979 mpaka 1982 Robert Dowsett ndi Françoise Dowsett-Lemaire anakhala pa Nyika, kugwira mbalame za m'nkhalango ndi maukonde, kuziveka timphete ku mwendo n'kuzimasula, ndi kujambula kulira kwake pa tepi. Mu 2005 Peter Leonard anatulutsa buku la malo 42 ofunika kwa mbalame mu Zambia, Nyika ndi mapiri a Mafinga ali momwemo. Mu 2008 kunatuluka The Birds of Zambia yatsopano, ya Dowsett, Aspinwall ndi Dowsett-Lemaire, yokhala ndi mapu a mitundu yoposa 750. Makampani a maulendo a mbalame amakonza njira zawo ndi mabuku amenewa. Mlendo amafika ali ndi mndandanda m'manja, amachonga imodzi imodzi, ndipo madzulo amaika zonse pa eBird.

Chimene sichinasinthe ndi khutu. M'nkhalango ngati Chowo masamba ndi othithikana, kuwala n'kochepa, ndipo mbalame zambiri umazimva usanazione. Munthu wochokera ku London kapena ku Johannesburg ali ndi masiku awiri kapena atatu. Kamera yake ingagule minibasi, koma afunikabe wina womuuza kuti kulira uko ndi akalat, ali pansi kumanzere, musasunthe. Kumene a Makawa amaimba mluzu, lero amaliza kasipika ka pa foni, ndipo akachulutsa amasokoneza mbalame zimene zili pa mazira. Gaidi wodziwa nchito amadziwa polekera. Ndalama zambiri za ulendo wotere zimathera ku ndeke, ku malo ogona ndi ku kampani imene inagulitsa ulendowo kunja, ndipo kawirikawiri wotsogolera gululo amabwera nalo pa ndeke yomweyo. Wakuno amayendetsa motoka ndi kuloza mtengo. Pali kusintha ndithu: ku Luangwa ndi ku Kafue kuli magaidi a Chizambia olemba mayeso ndi kupata malaisensi, ndipo ku Choma, kumene Spottiswoode ndi anzake amafufuza mbalame zoikira mazira m'zisa za zinzake, ena mwa anthu a kumeneko opeza zisa amalembedwa maina pamodzi ndi akatswiri pa mapepala a kafukufuku. Zinatenga zaka zambiri kuti dzina lichoke pa mawu othokoza kumapeto n'kukwera pamwamba pa pepala.

Mwina mukuti, nanga ife a mu komboni zitikhudza bwanji, popeza ambiri a ife sitidzafika ku Nyika? Yankho lina lili pa msika. Chikanda chimene timagula pa Soweto kapena pa kona mu Mtendere chimapangidwa ndi timizu ta maluwa a orchid ndi nsinjiro. Kale chinali chakudya cha kumudzi kumpoto kwa Zambia. Pamene chinatchuka m'matauni, timizuto tinachepa kuno, ndipo amalonda anayamba kutitenga ku mapiri a kum'mwera kwa Tanzania, ku Congo, ku Angola ndi ku Malawi. Kafukufuku wa Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi wa 2003 anayerekeza kuti timizu pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni timachoka ku Tanzania kulowa mu Zambia chaka chilichonse, ndipo nkhani imeneyi inathandiza kuti chitunda cha Kitulo chikhale paki mu 2005. Nyika ili ndi mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo okumba amalowa mobisa. Udzu umene amakumbamo ndi womwewo umene namzeze wa buluu amaulukapo. Sindikuti tileke chikanda, ndimachikonda ngati inu. Ndikuti Lusaka inafika kale pa mapiri aja, kudzera m'mimba.

Yankho lina lili pa malegeni. Mnyamata wa mu Kalingalinga amene amadziwa kumene njiwa zimamwa madzi, nthawi imene mpheta zimatera pa udzu, ndi kusiyana kwa kulira kwa pumbwa wodekha ndi pumbwa woona njoka, ali ndi chiyambi chomwe chija a Makawa anali nacho. Timamutcha wosamva, ndipo akakula amaiwala. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 makalabu a Chongololo m'masukulu, ndi pulogalamu yawo pa wailesi, anayesa kutembenuza maso amenewa kuti asamathere pa kuwotcha kambalame pa mbaula. Anachita zambiri, koma njira yochoka pa kalabu ya kusukulu kufika pa nchito ya ugaidi ikali yopapatiza. Magalasi ndi odula, mabuku ndi a Chingerezi, ndipo madambo a mu Lusaka amene mwana akanaphunzirirapo akusanduka maploti. Ife a pa wailesi za m'madera tili ndi chida chimene chikugwirizana ndi nchito imeneyi kuposa TV, pakuti mbalame ya m'nkhalango imadziwika ndi mawu. Komabe pa mapulogalamu athu kulira kwa mbalame kumamveka pokhapokha pakakhala nkhani ya kadzidzi ndi ufiti.

Za kambalame ka ku Mayau, palibe anakaonanso kuyambira tsiku lija la 1964. Magulu a oona mbalame akhala akupita ku nkhalango za mavunda kukafuna, kumvetsera tinkerbird aliyense wolira, n'kubwerako chimanjamanja. Chikopa chimodzi chokhacho chili ku myuziyamu ya Natural History ku Tring, kunja kwa London. Mu 2018 gulu la Alexander Kirschel linapima DNA ya chikopacho ndipo linapeza kuti chili mkati mwa banja la yellow-rumped tinkerbird, mbalame wamba ya m'nkhalango zathu. Akatswiri ambiri manje amakaona ngati kambalame wamba kobadwa ndi nthenga zachilendo, kapena kagulu kakang'ono ka mtundu umenewo. Ena akali kukasunga pa mndandanda. Akakachotsa onse, dzina la makawai lidzatsika kuchoka pa mzere wa mitundu n'kupita m'mawu aang'ono a pansi pa tsamba.